Dengu la Cremilda

Cremilda adaphunzira kusenza asanaphunzire kuwerenga. Ali kamtsikana amayi ake ankamupindira nkhata ya masamba ouma a nthochi n'kumutwika kamtsuko, ndipo iye ankatsika nako kuchokera pakasupe wa m'mbali mwa phiri la Tumbine madzi osatayika. Atakula adasenza nkhuni, chimanga, mikoko ya nthochi ndi matumba a nandolo. Atakwatiwa ndi Hermínio, njerwa zonse za nyumba yawo zidadutsa pamutu pake. Mwana wawo Gilda, yekhayo amene adakula mwa anayi, adayenda maulendo ake oyamba ali kumbuyo, pamwamba pake pali thumba la nyemba lopita kumsika wa ku Muloza, kutsidya kwa malire. Anthu a m'mudzimo ankamuzindikira Cremilda ali patali chifukwa cha mayendedwe ake: khosi chilili, manja akungolendewera, katundu osamugwira n'komwe.

Khosilo lidayamba kudandaula iye atapitirira zaka makumi asanu. Poyamba linkangouma m'mawa, dzuwa likakwera n'kumasuka. Kenako zala zidachita dzanzi losachoka. Singano idamukana. Kapu inkapulumuka m'manja iye osamva kuti yapulumuka. Akaweramitsa mutu, chinthu chonga moto chinkathamanga mumsana mpaka kumapazi, ndipo phazi lamanzere lidayamba kukhwekhwereza pansi. Adatemedwa mphini kuseri kwa khosi, adapemphereredwa kutchalitchi, koma dzanzilo lidangokwera kufika m'zikhatho.

Atakolola chimanga chaka chimenecho, Gilda, amene adakwatiwa ku Mocuba, adabwera kudzawatenga amayi ake pa shapa, minibasi yonyamula anthu, kupita nawo kuchipatala chachikulu ku Quelimane. Kumeneko adamujambula khosi. Dotolo adaonetsa pachithunzi mafupa amene adatha n'kuyamba kupana mtsempha waukulu wodutsa pakati pawo, umene umalamula manja ndi miyendo. Adati pafunika operasau, kung'amba khosilo ndi mpeni n'kukonza mafupawo, koma dotolo wa msana adzabwera mvula ikayamba. M'miyezi yodikirayo Cremilda azipita kuchipatala cha ku vila ya Milange, kuchipinda cha fizioterapiya, chophunzitsira odwala zolimbitsa minofu, kukakonza thupi.

Mawu akuti kukonza thupi Cremilda sadawamvetse. Munda amaukonza, nyumba amaikonza, koma thupi ankadziwa kuti limangogwira ntchito mpaka litaleka.

M'chipindamo adapezamo Nelsa, mtsikana wamfupi wa mawu aakulu, wochokera kumunsi kunyanja yamchere, amene Chinyanja adachitola mumsika ndipo ankachisakaniza ndi Chipwitikizi mopanda manyazi. Adamuyendetsa Cremilda kuchoka pakhomo kufika pazenera akuyang'ana mapazi ake, adamupatsa zala zake kuti azifinye, kenako adakhala pampando moyang'anizana naye. Hermínio adaima pafupi ndi khomo chipewa chili m'manja.

"Mamã, ndikuuzeni zoona kuyambira lero," adatero Nelsa. "Zimene tizichita munozi sizichiza khosi. Zikupatsani mphamvu kuti mukalowe mu operasau thupi lili lolimba, mukadzuke msanga. Operasau nayonso siibweza zimene zapita. Imasunga zimene mwafika nazo. Mukafika mukuyenda, mubwerera mukuyenda."

"Ndikafika ndisakuyenda?"

"Tisafike kumeneko. Choyamba, pamutu ayi. Nada. Ngakhale mtsuko."

"Nanga madzi azibwera okha, mwananga?"

"Papá ali ndi njinga, ndaiona panjapo."

"Imeneyo ndi ya makala," adatero Hermínio.

"Makala ndi madzi sadana panjinga. Amadana pamoto."

Hermínio adaseka pang'ono, n'kuyang'ana mkazi wake. Cremilda sadaseke.

Tsiku lomwelo adayamba. Nelsa adamuimika kukhoma, zidendene ndi mapewa zitagunda khomalo, n'kumuuza kuti abweze chibwano m'mbuyo pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva fungo la nsomba yowola. Adamuphunzitsa kukankha chipumi ndi chikhatho mutu osasuntha, ndi kukokera mapewa kumbuyo ngati akufuna kupana chitsononkho pakati pa msana. Adamuphunzitsa kupuma mpweya wodzaza mimba, kuti mapapo asadzachedwe kudzuka ku mankhwala ogonetsa. Kudzuka pamphasa nakonso kudali ndi njira yake: kugubuduka chammbali thupi lonse pamodzi ngati chipika, kenako kudzikankha ndi chigongono, khosi osapinda. Adati azolowere tsopano, chifukwa akadzasokedwa sipadzakhala nthawi yophunzira. Pomaliza adati aziyenda tsiku lililonse, m'mawa kukali kozizira, panjira yosalala, osathamanga, miyendo isaiwale ntchito yake.

Zakukhoma ndi zapamphasa Cremilda ankachita m'nyumba chitseko chili chotseka, ndipo sizidamuvute. Inali nyengo ya chiperoni. Nkhungu inkatsika kuphiri n'kukhala pamadenga masiku angapo, kamvula kosamveka kakunyowetsa nkhuni, nandolo ali ndi maluwa achikasu m'minda yonse. Hermínio ankamanga zigubu ziwiri panjinga n'kupita kumjigo, komwe amayi ankamupatsa malo patsogolo pamzere akuseka. Iye ankangoti akazi ake adwala khosi, n'kutunga.

Chovuta chidali kuyenda. M'mudzimo mkazi sayenda chabe. Amene ali panjira ndiye kuti akupita kumunda, kuchigayo, kumaliro kapena kumadzi, ndipo pamutu pake pamanena kumene akupita. M'mawa woyamba Cremilda adatuluka mutu uli pululu, atangomanga mpango. Asanafike pamtengo wa mango wa pamphambano adafunsidwa kangapo kuti akupita kuti, ndipo yankho loti ndikungoyenda lidamulemera pakamwa kuposa thumba.

Pamphambanopo padali nyumba ya Benvinda, mnzake wa kuyambira kuchinamwali, amenenso adagwira Gilda paubatizo, motero ankaitanana kuti kumadre. Benvinda adali pakhonde akupeta.

"Kumadre, kodi mwataya chiyani?"

"Sindinataye kanthu. Ndauzidwa kuchipatala kuti ndiziyenda."

"Kuyenda kupita kuti?"

"Kungoyenda."

"Ngati mzungu wa ku misau, kwa ansembe kuja?" Benvinda adaika lichero pansi kuti aseke bwino. "Mawa mudzadutsa ndi kagalu pachingwe."

Sadanene moipa. Koma masana ake nkhaniyo idafika kumjigo, ndipo pofika Lamlungu idali itasanduka ina. Ena adati Cremilda wayamba kunyada chifukwa mwana wake adakwatiwa m'tauni. Ena adati matendawo akwera kumutu, chifukwa munthu woyenda wopanda kopita ndi uja wayamba misala. Mayi wina adakokera mwana wake m'mbali pamene Cremilda ankadutsa. Chimenecho ndicho chidamubaya.

Mlungu wotsatira adatenga dengu lakale lopanda kanthu, adaika kansalu pamutu n'kulisenza. Silinkalemera kuposa nkhuku. Adadziuza kuti Nelsa ankanena za katundu, ndipo dengu lopanda kanthu si katundu. Mafunso adatha tsiku lomwelo. Anthu ankamupatsa moni ngati kale, iye n'kudutsa khosi chilili, ngati akupita kukathyola ndiwo.

Koma kwawoko wodwala amazondedwa, ndipo wozonda sapita chimanjamanja. Odwala ena amazondedwa ali gone m'nyumba, mphatso n'kuikidwa pambali pa mphasa. Cremilda sankapezeka gone. Ankadutsa yekha pamakomo a anthu m'mawa uliwonse, dengu lili kukamwa pamutu, ndipo anthu adayamba kumuzondera panjira. Uyu mbatata ziwiri, uyo kamtolo ka mpiru, wina nandolo wamuwisi wodzaza m'manja. Ankamutula dengulo okha, kuikamo, n'kumutwikanso, monga achitira anthu aulemu. Kukana chakudya chochokera m'munda mwa mnzako ndiko kumunena kuti m'manja mwake muli mankhwala oipa, ndipo mawu otero satha ndi chaka chimodzi. Cremilda ankawomba m'manja, kuthokoza, n'kupitiriza ulendo.

Chiperoni chidatha, mphepo ya Ogasiti idabwera ndi fumbi ndi utsi wa malupsa. Mango adachita maluwa. Nandolo adauma m'minda, makoko ake akuchita phokoso mphepo ikadutsa, ndipo kwa nthawi yoyamba adakololedwa Cremilda atakhala pansi akungomenya ndi kandodo. Zolimbitsa thupi zija zidayamba kuonetsa ntchito yake. Mapewa adamasuka, tulo tidabwerera, kuwawa kwa m'khosi kudachepa. Dzanzi la m'zala lokha silidasunthe. Anthu poona nkhope yake yawala adati wachira, ndipo zoikidwa m'dengu zidakula: dzungu, mpunga wosapuntha, nzimbe zodulidwa.

"Make Gilda, dengu limeneli likundidetsa nkhawa," adatero Hermínio tsiku lina akumutula.

"Mukufuna ndikawauze kuti mbatata zawo ndi zolodza?"

"Mukanangolisiya kunyumba."

"Kuti azikokanso ana awo ndikamadutsa? Inu mumapita kumjigo amakusekani n'kutha. Ine amandiopa."

Hermínio adaika dengulo pansi. Adatenga dzungulo n'kukaliika m'khitchini.

Nelsa adazindikira yekha. Cremilda ankapita ku vila kawiri pamwezi atakwera kumbuyo kwa njinga, ndipo tsiku lina lotentha mu Okutobala, ataima kukhoma, Nelsa adaona mpango wake utaphwatalala pakati, pali chizindikiro chozungulira. Adauchotsa mpangowo pang'onopang'ono n'kugwira paliwombo.

"Mamã."

"Ndi dengu chabe. Limachoka kunyumba lopanda kanthu."

"Limabwerera bwanji?"

Cremilda adayang'ana pazenera. Kenako adafotokoza zonse, za pamphambano, za mwana wokokedwa uja, za mphatso. Nelsa adamvetsera osamudula. Sadakalipe.

"Kuwawa kwachepa chifukwa minofu yalimba," adatero. "Koma mkatimo fupa likadali pomwepo, likupana. Mpata watsala ndi wochepa kwambiri. Mukagwa muli ndi katundu pamutu, kamodzi kokha, basi. Nyamulani m'manja ngati simungakane."

"Manja ake ati? Awa ogwetsa kapu?"

"Ndiye muwauze kuti adotolo aletsa. Munamizire ine. Nenani kuti kamtsikana ka kuchipatala n'kamwano."

"Iwe uli kuno ku vila, mwananga. Ine ndidzaikidwa m'manda ndi anthu amenewo."

Komabe adalonjeza, ndipo adayesa. Kwa masabata angapo dengu lidakhala pakhoma. Ankayenda mozungulira munda wa kuseri kwa nyumba, kumene kudalibe maso, ngakhale kuti mizere yakale inkamupunthwitsa. Uthenga udabwera kudzera pa foni ya Gilda kuti dotolo wa msana afika kumayambiriro a Disembala. Kudatentha kwambiri. Phiri lidabisika mu utsi, nyenje zikulira tsiku lonse, zitsime zikuphwa.

Mvula yoyamba idagwa chakumapeto kwa Novembala, yamphamvu, ndi fungo lake la dothi lopsa. M'mawa mwake mudzi wonse udatuluka ndi makasu ndi mbewu. Hermínio adalawirira kumunda wawo wa kumtunda, m'mbali mwa phiri, umene Cremilda adalandira kwa amayi ake. Iye adatsala yekha pakhomo. Chibadwire adali asanakhalepo pakhomo tsiku lobzala. Munda wa kuseri udali matope okhaokha, wosayendeka. Adaona amayi akudutsa, aliyense ndi chake pamutu, ndipo adaganiza zopita kukatsazika Benvinda, popeza ulendo wa ku Quelimane udali pafupi ndipo munthu sapita kukagonekedwa ndi mpeni osatsazika kumadre wake. Adafika pakhomo lotulukira mutu uli pululu, adaima, n'kubwerera kukatenga dengu.

Adamupeza Benvinda akuzula chinangwa kuseri kwa nyumba yake, nthaka itafewa ndi mvula.

"Mwabwera bwino, kumadre. Ichi n'chanu. Kuchipatala amapatsa phala lamadzi, mukafe ndi njala musanafe ndi mpeni."

"Pakamwa panu mpoipa."

"Mpoipa koma chinangwa changa n'chokoma. Mukachiwiritse, mukadye panjira."

"Adotolo adaletsa kusenza."

"Mwakhala mukusenza chilimwe chonse, mwafa? Taonani mmene mwanenepera. Ndi mitu inayi yokha. Kapena mwayamba kuopa za m'munda mwanga?"

Adanena akuseka, koma funsolo lidaima pakati pawo. Cremilda adawomba m'manja. Benvinda adaika chinangwacho m'dengu ndi dothi lake lonyowa, adawonjezapo mango aawisi, n'kumutwika mnzakeyo ndi manja awiri. Adapempherera ulendo pamodzi, mwachidule, dengu lili pamutu.

Njira yobwerera imatsetsereka pang'ono isanafike pakamtsinje, ndipo dothi lake ndi katondo wofiira amene akanyowa amaterera ngati sopo. Cremilda adaidziwa njirayo moyo wake wonse. Phazi lamanja lidaponda bwino. Lamanzere silidanyamuke mokwanira, lidakola muzu. Adagwa chafufumimba, chibwano chidamenya pansi, ndipo dengu pochoka lidakankhira mutu kumbuyo.

Sadamve kuwawa kwambiri. Adamva moto uja ukuthamanga thupi lonse kamodzi, kenako bata. Adafuna kugubuduka ngati chipika monga adaphunzirira, koma chigongono sichidamve. Adagona tsaya lili m'matope, akuyang'ana mapiko a ngumbi amene adamwazika panjira usiku wa mvulawo, ndi limodzi mwa mango aja likugubuduka kupita kumadzi. Adapuma mpweya wodzaza mimba, chifukwa chimenecho chokha ndicho chidatsala m'mphamvu yake, n'kudikira kuti munthu adutse.

Adamupeza amayi awiri ochokera kumunda. Amuna adazula chitseko cha nyumba yapafupi n'kumugonekapo, ndipo Hermínio, amene adathamanga kuchokera kuphiri matope ali m'mawondo, adagwira mutu wa mkazi wake ndi manja awiri njira yonse mpaka pamsewu, monga Nelsa adamuonetsera tsiku lina. Kuchipatala cha ku vila adamumanga khosi ndi chomangira cholimba. Nelsa adabwera kudzamuona ali pabedi. Adamutsina chala chaphazi, Cremilda adati wamva patali. Adamupatsa zala kuti afinye, ndipo zala za Cremilda zidangogwedezeka.

"Unene, mwananga. Unene kuti udandiuza."

"Sindinena," adatero Nelsa. "Pumani monga ndidakuphunzitsani. Zimenezo zikufunikabe."

Adapita naye ku Quelimane pa ambulansi. Operasau idachitika dotolo wa msana atafika, ndipo idayenda bwino monga madotolo amanenera. Cremilda adadzuka msanga ku mankhwala ogonetsa, chifuwa chake sichidadwale, ndipo anamwino adadabwa kuona mayi wa kumudzi akudziwa kale kutembenuka osapinda khosi. Minofu imene adailimbitsa kuseri kwa chitseko miyezi yonse ija idamuimiritsa pakati pa anthu awiri mlungu usanathe. Dotolo adauza Gilda kuti pakadapanda kukonzekera kumeneko amayi ake sakadadzuka pabedi. Adanenanso kuti mtsempha udavulala pakugwa paja, ndipo zimene zidatayika tsikulo mwina zibwerera pang'ono, mwina ayi.

Adabwerera kumudzi mu Januwale, chimanga chili m'chiuno, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Miyendo idabwerera theka. Ankayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kufika pankhokwe, n'kupuma, n'kubwerera. Manja adapindika pang'ono ngati a munthu wofuna kutunga madzi, ndipo sankamva kutentha kapena kuzizira. Kumunda wa kumtunda sadafikekonso. Hermínio adapalira yekha mpaka udzu udamupambana, ndipo adagwirizana kuti chaka chamawa adzaupereka kwa mwana wa mchemwali wake wa Cremilda kuti azilima.

Benvinda adachedwa kubwera. Atabwera adakhala kumapeto kwa mphasa, maso ali pansi, nthabwala zonse zitamuthawa.

"Kumadre, chinangwa chija."

"Udali muzu," adatero Cremilda. "Muzu ndi phazi langali. Chinangwa chidalibe mlandu."

"Anthu akunena."

"Anthu adzaleka. Mawa mubwere mudzandimange mpango, abambowa amamanga ngati akumanga thumba la makala."

Benvinda adaseka pang'ono, kenako adalira, ndipo Cremilda adamuleka alire. Kuyambira tsikulo Benvinda ankabwera m'mawa uliwonse asanapite kumunda.

Mvula itayamba kuchepa mu Malichi, nthawi yobzala nyemba zachiwiri, Cremilda adapempha mwamuna wake kuti amukonzere mizere ingapo pafupi ndi khonde. Hermínio adakumba mapando, adamuikira mbewu m'kambale n'kumumangirira kambaleko m'chiuno ndi chitenje cha kapulana. Adafuna kumuthandiza, iye adakana. Adayenda phando ndi phando atatsamira ndodo, msana uli woongoka chifukwa kuwerama kudaletsedwa, akutapa mbewu ndi zala zosamva n'kuzigwetsa kuchokera m'mwamba, kenako kukwirira ndi phazi lamanja. Ntchito imene kale inkatha dzuwa lisanatenthe idamutengera masiku awiri.

Nyemba zidamera patapita mlungu. M'mapando ena zidatuluka zambiri zothinana, zikulimbirana kuwala, m'mapando ena simudatuluke kanthu, ndipo zina zidamera m'ngalande pakati pa mizere, pomwe zidagwera iye osadziwa. Hermínio adaziyang'ana m'mawa wina n'kufunsa ngati apatulire zothinanazo ndi kubwereza m'mipata.

"Zisiyeni," adatero Cremilda ali pakhonde. "Ndiwo mabzalidwe anga tsopano."